Kwa amene mukufuna kuphunzira kupemphera, nazi zomwe zinandithandiza ine kuno ku Joni

Mwezi wathawu tinali pa msonkhano wa maliro ku Yeoville, m'bale wathu wina wa ku Ntcheu anatisiya nde tinakumana kuti tisonkhe ndalama zoti thupi lipite kumudzi. Mukudziwa mmene zimakhalira, anthu thithithi mu rumu imodzi, ena pa bedi ena akhalira ndowa, kope la zopereka likuzungulira. Tisanayambe tcheyamani anangoloza mnyamata wina amene wabwera chaka chino chomwe nkumuuza kuti achimwene tatitsegulirani ndi pemphero. Mwana wa eni ake anaimirira, nkutsinzina, kenako zii. Tinadikira, zii, mpaka mayi wina wa Mvano anamulanditsa. Potuluka anandipeza pa geti nkundiuza motsitsa mawu kuti amalume, ine kutchalitchi ndakhala ndikupita kuyambira ndili mwana koma kupemphera sinditha, tandiphunzitseni.

Sindinamuseke chifukwa inenso ndinali choncho. Ine si m'busa, ndimagwira ntchito ya gadeni cha ku Randburg, nde zomwe ndilembe apazi ndi zomwe ndinamuuza iye pang'onopang'ono tikamakumana. Ndipo palibe chamanyazi apa, pa Luka 11:1 mmodzi wa ophunzira a Yesu enieniwo, anthu oti amadya naye mbale imodzi, anachita kumupempha kuti Ambuye tiphunzitseni kupemphera. Ndiye kuti ndi chinthu chochita kuphunzira basi, ngati kuyendetsa njinga.

Choyamba pezani nthawi ndi malo, olo akhale ochepa bwanji. Pa Mateyu 6:6 Yesu anati ukamapemphera lowa m'chipinda chako utseke chitseko. Vesi imeneyi ine imandiseketsa pang'ono chifukwa ambirife kuno chipinda chathuchathu tilibe, tilipo anayi mu rumu yodulidwa ndi katani, wina akuliza mkonono wina akuonera mpira pa foni. Koma mfundo yake ndi yoti pakhale poti simukudzionetsera kwa anthu. Ine chipinda changa ndi shedi ya zipangizo kuntchito, pakati pa makina otchetchera kapinga ndi matumba a manyowa, ndimafika mofulumirirako nkukhala pa chitini cha penti ndisanavale ovolosi. Mnzanga wina ndi gadi, iye nthawi yake ndi 3 koloko usiku m'kanyumba ka pa geti. Achemwali ogwira ntchito m'nyumba ambiri amati bola mabwana akangotuluka ana atapita kusukulu, musanayambe kuchapa.

Yambani ndi mphindi 5 zokha. Ndikunenetsa, 5. Anthu timalakwitsa pochokera ku ovanaiti titatenthedwa nkulumbira kuti kuyambira mawa ndizidzuka 4 koloko nkupemphera ola lathunthu, kenako Juni wafika, kuzizira kwa kuno mukukudziwa, dzuwa likutuluka pafupifupi 7 koloko, alamu ikalira mumangoikankhira pansi pa pilo, pakatha masiku atatu mwasiya ndipo mukudziona ngati wolephera. Zoona Yesu ankadzuka kusanache kukapemphera kwa yekha, zili pa Marko 1:35, koma inu yambirani pomwe mungathe. Chomwe chinandithandiza ine ndi kulimangirira pempherolo pa chinthu chomwe ndimachita kale tsiku lililonse. Mwaika ketulo pamoto, mmalo motsegula Facebook podikira madzi, nthawi yake ndi imeneyo. Foni itembenuzeni chafufumimba, ikangowala basi maganizo apita.

Za kuphiri anthu amafunsa. Mukadutsa ku Melville Koppies kapena pa phiri la ku Yeoville mupeza anthu akupemphera, ndi zabwino ndithu ngati mukufuna poti mufuule momasuka, koma musaganize kuti Mulungu amamva bwino kuphiri kuposa mu mkhukhu wanu. Ndipo musapiteko nokha, makamaka kukada.

Chachiwiri, pempherani m'chiyankhulo chanu. Apa ndi pomwe ine ndinataya zaka zambiri. Ndinkaganiza kuti pemphero lamphamvu ndi la Chingerezi, lokuwa, ngati la alaliki a pa TV, nde ndimayesa kutengera, mawu atatu anayi kenako Chingerezi chandithera. Taganizani, tsiku lonse timayankhula Chingerezi ndi bwana, mu takisi Chizulu chothyokathyoka kapena kungokhala chete kuopa kudziwika kuti ndife obwera, foni ya kumudzi ikalira pagulu timayankha monong'ona. Pemphero ndi malo amodzi omwe simukuyenera kubisa kuti ndinu ndani. Kaya ndi Chichewa, Chiyao, Chitumbuka, Chitonga, Chisena, yankhulani chomwe mumalota nacho. Ndipo yankhulani ngati mmene mungayankhulire ndi bambo anu okukondani, mwaulemu inde koma osachita kusaka mawu akuluakulu. Pa Mateyu 6:7 Yesu analetsa kuchulukitsa mawu ngati kuti Mulungu amva chifukwa cha kulongolola.

Kakhalidwe ka thupi kasakuvuteni. Danieli ankagwada, Davide pa 2 Samueli 7:18 anakhala pansi pamaso pa Mulungu, Yesu ku Getsemane anagwa nkhope pansi, ndipo pa Yohane 17:1 anapemphera atakweza maso kumwamba, kutanthauza kuti sanatsinzine. Kutsinzina kumangothandiza kuti musacheukecheuke. Ngati muli pa layini ya takisi pa Bree kapena pa Noord chonde musatsinzine, mukadzatsegula maso foni yapita. Mawu otuluka pakamwa si okakamizanso, Hana pa 1 Samueli 1:13 milomo yokha ndi yomwe inkagwedera mpaka wansembe Eli anamuyesa woledzera, koma pemphero lake linamveka.

Chachitatu, ndipo apa ndichedwapo, tengani pemphero la Atate Wathu likhale ngati mitengo ya denga, inu muzingofolerapo udzu wanu. Tonse tinaliloweza ku Sande sukulu kapena ku katekisimu ndipo timalithamangitsa ngati ndakatulo ya ku pulayimale. Lili pa Mateyu 6:9 mpaka 13. Yesani kunena mzere umodzi, muime, muonjezerepo mawu anuanu, kenako mupite pa mzere wina.

Mukati Atate wathu wa Kumwamba, dzina lanu liyeretsedwe, imani pompo muthokoze. Musathokoze mwachisawawa kuti zikomo pa zonse, tchulani zinthu ziwiri kapena zitatu zenizeni za dzulo. Ndabwera bwino kuchokera ku shifiti ya usiku. Ganyu ija yandipatsa R250. Mwana wakhoza mayeso kumudzi. Mukazolowera kutchula chonchi mumayamba kuona kuti tsiku lomwe mumati linali loipa linali ndi kenakake.

Ufumu wanu udze, kufuna kwanu kuchitidwe. Apa ndi poika mapulani anu patebulo, kaya mukufuna kusintha ntchito, kaya kubwerera kumudzi Disembala, kaya kukwatira, nkunena kuti izi ndi zomwe ndikufuna ine koma ngati zili zondipweteka zitsekeni. Ndi mzere wovuta kunena kuchokera pansi pa mtima, ine mpaka lero nthawi zina ndimaudutsa mothamanga.

Mutipatse ife lero chakudya chathu chalero. Pemphani zinthu zenizeni, osachita manyazi. Renti ya pa 1, ntchito, mapepala, ndalama ya feteleza yomwe akuidikira kumudzi mvula isanagwe, fizi ya mwana. Ena amati kupempha ndalama si kwauzimu, koma Yesu mwiniyo ndi amene anaika nkhani ya chakudya pakati penipeni pa pempherolo. Onaninso kuti akuti chathu, sakuti changa. Nde apa ndi pomwe mumatchula anthu mayina, amayi kumudzi, mnzanu amene akusaka ntchito mwezi wachitatu uno, m'bale amene anagwidwa ali ku Lindela komwe amasungira obwera odikira kubwezedwa kwawo. Ine ndinalemba mayina kuseri kwa kope langa nkuwagawa, Lolemba akubanja, Lachiwiri anzanga a kuno, choncho, chifukwa ndikafuna kutchula onse tsiku limodzi ndimachedwa kuntchito.

Mutikhululukire mangawa athu, monga ifenso takhululukira amangawa athu. Mangawa ndi ngongole, ndipo palibe mawu omwe amatikhudza ife a ku Joni kuposa amenewa. Lapani motchula, musati ngati ndalakwa penapake, inu mukudziwa pomwe mwalakwa. Ndinanamiza mkazi wanga kuti sindinalandire. Ndinatukwana mnzanga. 1 Yohane 1:9 akuti tikavomereza machimo athu Iye ndi wokhulupirika kutikhululukira, nde mukalapa musamabwererenso pa tchimo lomwelo mawa ndi mkuja ngati sanamve. Mbali yachiwiriyo ndi yomwe imawawa. Ine pali munthu wina wakwathu ndinamusunga miyezi iwiri atangofika, anabwereka R800 nkusamuka osatsanzika, nambala anasintha. Kwa chaka chathunthu ndikafika pa mzere umenewu pakhosi pamauma. Ndinayamba ndi kungonena zoona kuti Ambuye munthu ameneyu sindinamukhululukire, ndithandizeni. Kwa ine kukhululuka sikutanthauza kuti ndikakumana naye pa Park Station sindimufunsa ndalama yanga, ndimufunsa ndithu, koma ndinasiya kumufunira zoipa.

Musatitengere kokatiyesa, koma mutipulumutse kwa woipayo. Aliyense amadziwa dzenje lake. Wina ndi kubetcha pa foni, malipiro onse kuthera pa mpira wa ku England, wina ndi mowa wa pa wikendi, wina ndi chibwenzi pomwe mkazi ndi ana akudikira kumudzi, wina ndi anzake a ndalama zachidule. Litchuleni dzenjelo m'mawa musanatuluke, osadikira kuti mugweremo kaye. Mukamaliza zonsezi mudzapeza kuti mphindi 5 zija zakwana kale, mwinanso zapitirira.

Chachinayi, masiku omwe mawu akusowa tsegulani Masalimo muwerenge mokweza ngati mawu anu. Alipo 150 ndipo muli chilichonse. Mukachimwa 51, mukamaopa 23 kapena 91, mukamakwera basi ya ulendo wautali uja wodutsa pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza werengani 121. Mukatopa ndi kudikira pali 13, amene amafunsa Mulungu kanayi konse kuti kufikira liti. Ndipo pali 88 amene amathera mu mdima, palibe aleluya kumapeto. Nditauwerenga koyamba ndinadabwa kuti eti zoterezi zinaloledwa kulowa m'Baibulo, ndipo ndi pomwe ndinadziwira kuti kudandaula kwa Mulungu si tchimo, bola ukudandaulira Iyeyo. Aroma 8:26 amavomereza poyera kuti sitidziwa kupempha monga tiyenera, Mzimu ndi amene amatithandiza.

Ngati Baibulo munalisiya kumudzi, pa apu ya YouVersion lilipo la Chichewa, likopereni pa foni mukapeza Wi-Fi kuti muziwerenga olo data itatha. Buku Lopatulika linatuluka koyamba mu 1922 nde Chichewa chake ndi chakale, ine ndimalikonda chifukwa ndi lomwe ankawerenga agogo, koma ngati likukuvutani tengani Buku Loyera la mu 1998, limamveka msanga.

Chachisanu phunzirani timapemphero tatifupitifupi ta masana. Munthu amene ine amandifika pamtima ndi Nehemiya, chifukwa anali ngati ife tomwe, wogwira ntchito kunja m'nyumba ya bwana. Anali woperekera chikho wa mfumu ku Susani, m'bale wake Hanani anabwera ndi uthenga woti kwawo ku Yerusalemu zinthu zaipa, malinga agwa, zipata zapsa. Analira, anasala kudya, anapemphera pafupifupi miyezi inayi osanena kanthu kwa bwana wake. Tsiku lina mfumu inaona nkhope yake yakugwa nkumufunsa kuti ukufuna chiyani, ndipo pa Nehemiya 2:4 akuti anapemphera kwa Mulungu wa Kumwamba kenako nkuyankha. Pakati pa funso ndi yankho, nthawi yongokwana kupuma kamodzi. Inunso mukafuna kupempha tchuthi chokaika maliro kumudzi, kapena mwaona apolisi aima kutsogolo, kapena kasitomala akukulalatirani, mawu atatu akwana, Ambuye ndithandizeni pano. Wamsonkho wa pa Luka 18:13 pemphero lake lonse linali chiganizo chimodzi chopempha chifundo, ndipo Yesu anati ndi amene anapita kwawo wolungamitsidwa, osati Mfarisi wa mawu ambiri uja. Koma onani kuti kapemphero kakafupi ka Nehemiya kanatsamira pa miyezi ija, nde musati poti ndimapemphera mu takisi basi zakwana.

Pali china chomwe ndinachiphunzira movutikira. Ine ndinali nditangofika pomwe zipolowe za mu Meyi 2008 zinayambira ku Alexandra, ndipo kwa nthawi yaitali sindinkatha kupempherera dziko lino, ndinkangopempherera ndalama zake. Kenako ndinakumana ndi Yeremiya 29:7, pomwe Mulungu akuuza anthu ake ali ku ukapolo ku Babulo kuti afunire mtendere mzinda omwe akukhalamo ndi kuupempherera, chifukwa mtendere wake ndi mtendere wawonso. Kuyambira pamenepo ndimaikamo landilodi, mabwana, madalaivala a takisi, ndi aneba omwe satipatsa moni.

Chachisanu ndi chimodzi, mukamaliza kuyankhula musadzuke pompo. Khalani chete mphindi imodzi, werengani mavesi ochepa, ndingakulangizeni kuyamba ndi Marko chifukwa ndi wamfupi, machaputala 16 okha. Musayembekezere mawu ochokera kudenga, nthawi zambiri chimangobwera ndi chikumbutso, kamuimbire foni uje, kabweze chakuti. Maganizo akamathawira ku renti musadzikwiyire, ingoitengani rentiyo muipempherere nkubwerera. Ndipo ngati mumagona pakati pa pemphero la usiku, mwatopa basi, sinthani nthawi.

Nanga yankho likapanda kubwera? Zimachitika, ndisakunamizeni. Ine ndinapempherera mayi anga miyezi isanu ndi umodzi ndipo anamwalira ndili kuno. Paulo anapempha katatu kuti minga ichoke m'thupi mwake, pa 2 Akorinto 12:8 ndi 9, ndipo sinachoke, anangouzidwa kuti chisomo chikukwanira. Yesu ku Getsemane anapempha kuti chikho chimupitirire, sichinamupitirire. Nde munthu asakuuzeni kuti mukuvutika chifukwa chikhulupiriro chanu ndi chochepa. Pitirizani kupempha ngati mayi wamasiye wa pa Luka 18 amene anatopetsa woweruza, ndipo CV pitirizani kuponya, kuchipatala pitani, mankhwala musasiye kumwa ati poti mwapemphereredwa.

Apa ndi pomwe ambiri timagwidwira. Munthu ukathedwa nzeru umamva kuti kwakuti kuli mneneri amene amamutcha papa, ukabzala mbewu ya R500 mapepala ako atuluka, kuonana naye pawekha mtengo wake wina, mafuta ndi madzi a m'botolo mtengo wake winanso. Ine ndinaperekapo ndalama ya renti kwa munthu wotero, dzina sinditchula, zomwe ndinapeza ndi sitika ya pachitseko ndi ngongole. Kupemphereredwa ndi abusa ndi kwabwino, Yakobo 5:14 amanena kuti odwala aitane akulu a mpingo, koma pemphero siligulitsidwa. Pa Machitidwe 8 Simoni atatulutsa ndalama kuti agule mphatso ya Mulungu, Petro anamuuza kuti atayike nazo ndalama zakezo. Mbali ina yomwe ndikulembera zonsezi ndi yoti munthu wodziwa kupemphera yekha savuta kukana zoterezi.

Chotsiriza, pezani anzanu opemphera nawo. Kuno mipingo ya kwathu iliko, a CCAP, a Katolika ndi miphakati yawo, a Seventh Day, a pente, funsani pa gulupu ya WhatsApp ya anthu akwanu akulozerani. Mwayi wina ndi woti nthawi ya kuno ndi ya ku Malawi ndi imodzi, nde mutha kupangana ndi akunyumba kuti 8 koloko usiku tonse tigwade, inu kuno iwo uko. Ine ndi mayi a kunyumba timatero Lachitatu ndi Lamulungu, netiweki ikavuta timangotumizirana voisi noti, ana amanena Atate Wathu ine nkumaliza.

Ndipo akakulozani pagulu ngati mmene anamuchitira mnyamata uja, musanjenjemere. Pumani kaye, nenani tiyeni tipemphere, kenako zinthu zitatu basi. Thokozani kuti mwakumana, tchulani chomwe mwakumanirana, kaya ndi maliro kaya ndi chinkhoswe kaya ndi chakudya, pemphani thandizo pa chimenecho, mutseke m'dzina la Yesu Khristu, amen. Muzinena kuti ife osati ine, mukweze mawu kuti wa kukhomo amve, ndipo musalalikire kapena kudzudzula munthu kudzera m'pemphero, anthu amadziwa. Pa chakudya fupikitsani, nsima ikuzizira. Yeserani kaye mu rumu mwanu ndi anzanu awiri musanafike pagulu.

Loweruka lapitali tinakumananso ku Yeoville kuwerengera ndalama zija, zinakwana, thupi linanyamuka Lachiwiri. Tcheyamani atafunsa kuti atitsekere ndani, mnyamata uja anakweza dzanja yekha. Anathokoza chifukwa cha aliyense amene anasonkha, anapempherera dalaivala ndi ma boda onse atatu, anatchula mayi a malemu ku Ntcheu, kenako anaima, ndikuganiza kuti anaiwala potsekera pake. Mayi wa Mvano uja anangoti amen mokweza, tonse nkuvomera, anthu nkuyamba kusaka nsapato zawo pakhomo.